Tinakaona Zilombo ndi Mkulu wa Mpingo

Lole inafika pasukulu pathu dzuwa lisanatuluke, ndipo woyamba kukwera sanali mwana wa sukulu. Anali a Mwale, mkulu wa mpingo, atavala jekete yawo ya Lamulungu ngakhale tsikulo linali Loweruka. Dalaivala, a Lufeyo, anawatsegulira chitseko chakutsogolo mwaulemu, koma iwo anakana.

"Ndikhala kumene kuli ana," anatero. "Ndatumidwa kukaona, sindinatumidwe kukawodzera."

Ndifotokoze mmene mkulu wa mpingo anapezekera pa ulendo wa ana a Sitandade 7. Ine ndinakulira m'tauni ya Zomba, ndipo pa sukulu ya mishoni ija, kum'mawa kwa Mponela, ndinali ndisanathe chaka. Nditauza ana anga kuti tidzapita ku nkhalango ya pa phiri la Ntchisi kukaona nyama, m'mawa mwake mnyamata wina anandifunsa ngati mchere udzachokera kusukulu kapena aliyense abweretse wake. Amayi ena anatumiza mawu akuti ndidzawasungireko kamwendo. Nyama yoyenda m'tchire ndi nyama ya m'mbale tonse timaitchula chimodzimodzi, ndiye sindinawadzudzule. Ndinangosintha mawu. Ndinati, "Sitikukadya kanthu. Tikukaona zilombo."

Kwathu ku Zomba palibe akanatembenuka n'komwe. Koma ku Dowa ukati chilombo, anthu amamva gule wamkulu, ndipo ukawonjezera kuti ku nkhalango ndiye wamaliza zonse. Esinati, mdzukulu wa a Mwale, anakanena kunyumba ali wosangalala kuti aphunzitsi atsopano akuwatengera ku nkhalango kukaona zilombo. Pofika Lamulungu bwalo la akulu a mpingo linali litakhala pa dzina langa. A hedi anayesa kundilankhulira, koma akulu ena anati mlendo akayamba choncho, mawa adzapita ndi ana ku dambwe kumene gule amachokera. Anagwirizana kuti a Mwale atsagane nafe, ndipo zimene adzanene pobwerako ndizo zidzagamule. Akadzati ana aonetsedwa gule, ine ndilongedze. Sukulu inali ya mishoni, kanyumba kamene ndinkagonamo kanali ka mishoni. Ndinapsa mtima kwambiri, moti mabuku anga ndinawamangiratu m'katoni kuti asadzandione ndikulongedza ndi misozi.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ana aja ndinali nditawakonzekeretsa teremu yonse. Zoonera patali tinalibe, zithunzi tinalibe, koma nkhuku za a hedi zinalipo. Mwana aliyense ankasankha nkhuku imodzi n'kuitsatira ndi maso, kenaka n'kudzatiuza m'kalasi. Lamulo linali limodzi: nena zimene waona, osati zimene ukuganiza. Wina akati, "Tambala wakwiya," anzake ankamubweza. Ankayenera kunena kuti tambala watukumula nthenga za m'khosi ndipo akuyenda cham'mbali. Tinalinso ndi masewera otchedwa chitsa. Ndikangoti "Chitsa," aliyense ankauma pomwe ali, maso pansi, osakanda ngakhale payabwe, mpaka nkhuku zitayamba kujompha pafupi ndi zala zake. Aphunzitsi anzanga ankati ndikutayitsa ana nthawi ya masamu.

Tinanyamuka kukuzizira zedi, monga mmene kumachitira mu Juni. A Lufeyo ankapita kukatenga matabwa cha ku phiri komweko, ndiye anavomera kutitenga pa tambala khumi mwana aliyense, ndalama zatsopanozi anthu akadali kuzisokoneza ndi mashiling'i. Ana anadzazana kumbuyo atakumbatira timipango ta mbatata yophika ndi chimanga chokazinga. Ine ndinakhala pa tayala lopuma, chitenje nditakulunga mpaka ku akakolo. A Mwale anaima atagwira chitsulo, akuyang'ana kutsogolo ngati loleyo akuyendetsa ndi iwo. Ana atayambitsa nyimbo ya kubwalo la mpira, iwo anangotembenuka pang'ono, nyimboyo inasanduka ya m'buku la kutchalitchi popanda wouza mnzake.

Msewu wochoka ku Mponela kulowera ku Ntchisi masiku amenewo unali wafumbi lofiira ndi timizere timene timagwedeza mano. Minda inali itakololedwa, kwatsala mapesi okhaokha. Tinkapitirira ngolo za ng'ombe zitasenza mabelo a fodya, eni ake atadzifunditsa masaka. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinati ulendowu uyenda bwino, ndipo mkuluyu akachita manyazi.

Dzuwa litakwera pang'ono, titangowoloka kamlatho pa dambo lina, a Lufeyo anaima mwadzidzidzi n'kuzimitsa injini. Ndinamva likhweru ndi kulira kwa nkhocho. Kutsogolo, pakati penipeni pa msewu, kunali kubwera gule, thupi lonse lili mbuu ndi dothi, nthenga zili nyang'anyang'a kumutu, anyamata omutsogolera akuthamanga m'mbali mwake. Mwina m'mudzi wina wapafupi munali mwambo. M'boma lonse la Dowa, m'misewu yonse, anasankha msewu wanga tsiku langa.

Sindinaganize. Pakamwa panga panangotuluka mawu amodzi. "Chitsa."

Ana onse anauma, mitu pansi, wina mbatata ili pakamwa. A Lufeyo anatulutsa dzanja pawindo n'kuponya kandalama pansi monga mwa mwambo, ndipo gule anadutsa m'mbali mwa lole akupumira m'mwamba. Phokosolo litazimiririka cha ku dambo, ndinadzutsa mutu n'kupeza a Mwale akundiyang'ana.

"Ndiye chimodzi chimenecho, mayi," anatero mosakweza mawu.

"Sindinachiitane ine, bambo."

"Sindinati mwachiitana. Ndangoti chimodzi."

Kuchokera pamenepo ndinadziwa pamene ndaima. Tikapanda kuona nyama ku phiri, chilombo chokhacho chimene a Mwale akanakanena ku bwalo chinali chomwe chija. Iwo sanali munthu wabodza, ndipo n'chifukwa chake ndinkawaopa.

Pa boma la Ntchisi tinaima kuti ana atambasule miyendo. Tisanatsike n'komwe, anyamata a chipani a malaya ofiira anafika kudzafuna makhadi. Langa linali pa mfundo ya mpango, la a Mwale linali m'thumba la jekete litakutidwa bwino ndi kapepala. Wamkulu wawo anayang'ana ana, n'kuyang'ana ine.

"Gulu lonseli mukupita nalo kuti?"

"Ku nkhalango."

"Kukatani ku nkhalango?"

Masiku amenewo funso lotere sunkaliyankha mothamanga. Ndikati nyama, ati ndikukapha za Boma. Ndikati zilombo, a Mwale ali pomwepo. Choncho ndinati, "Kukaphunzira za anyani."

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira bondo. "Anyani mpaka kulipira lole? Bwerani kumunda kwa amayi anga, mudzawaphunzire ulere, mutithandizenso kuwathamangitsa." Anatibwezera makhadi akusekabe. Ndinagula zitumbuwa zotentha kwa mayi wina pakhomo la msika, ndipo nditapatsako a Mwale analandira ndi manja awiri n'kuthokoza, koma nkhope sinasinthe.

Kuchoka pa boma msewu umachepa n'kuyamba kukwera mokhotakhota. Lole inkalira ngati ng'ombe yokana goli. Pa chikweza china inatulutsa nthunzi kutsogolo n'kuima yokha, ndipo ana anatsetsereka ndi zigubu kukatunga madzi ku kamtsinje. Tikudikira kuti injini izizire, panadutsa mayi atasenza nthochi. Atamva kumene tikupita anagwedeza mutu.

"Nchima? Mwachedwatu. Zimadya m'mawa zija, dzuwa likakwera zimalowa m'kati."

Nchima ndizo ndinkafuna kuti ana aone. Ndi abale ake a pusi, koma zazikulupo, zakuda mobiriwira, za mchira wautali, ndipo sizitsika kuminda ya kwathu kuchigwa. Ana anga anali asanazionepo n'kamodzi komwe. Kunena zoona, inenso ndinali nditangoziona m'buku. A Mwale anamva zonse zimene mayi uja ananena, ndipo anayang'ana dzuwa mondionetsera.

Tinafika pa nyumba yakale ya alendo m'mphepete mwa nkhalango dzuwa lili pafupi kufika paliwombo. Kumeneko ukayang'ana kum'mawa umaona dziko likutsetsereka mpaka kutali, koma ine ndinalibe maso a zimenezo. Mlonda wa nkhalango, bambo wamfupi wa nsapato zazikulu, anawerenga mitu ya ana ndi chibwano.

"Onsewa? Amayi, alendo amabwera kuno awiriawiri, oyenda monyang'ama, n'kubwerera osaona kanthu. Inu mwabwera ndi msika."

"Ingotifikitsani pa mtengo umene zimakonda," ndinatero. "Zinazo ndi zathu."

Anatitsogolera monyinyirika. M'nkhalango ya Ntchisi mukangolowa kumada ngati madzulo, ndipo kumanunkha chinyontho ngakhale kunja kuli chilimwe. Mitengo ndi yoti ana asanu sangaikumbatire, zilambe zili lendelende kuchoka kumwamba. Ana anga, amene ndinkawanyadira aja, anaiwala zonse. Uyu akuitana mnzake adzaone bowa, uyo waterereka, wina akuyesa ngati mawu ake abwerera. Ndinamva nthambi zikuthyoka patali m'mwamba, ndipo mlonda anangoloza ndi chala n'kunena kuti, "Ndi zomwezo, zapita."

Anatisiya pansi pa mkuyu waukulu. Nkhuyu zolumidwa theka zinali mbwee pansi, zina zikadali zonyowa. Tinadya mbatata zathu pomwepo, tikuyang'ana m'mwamba mopanda kanthu. A Mwale atamaliza anapukuta manja n'kudzuka.

"Mayi, mtengo tauona. Ndi waukulu ndithu. Tiyeni, lole isatisiye."

Apa ndiye ndinaiwala kuti ndine mlendo komanso kuti ndine mkazi wamng'ono pamaso pa mkulu wa mpingo.

"Bambo, munatumidwa kudzaona. Simunaonebe. Khalani pansi."

Mawuwo atatuluka ndinachita mantha ndekha. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakoka buluku pa mawondo n'kukhala pa muzu. Ndinamwaza ana mozungulira mtengo, aliyense msana wake pa tsinde kapena pa mwala. Ndinawauza monong'ona kuti nchima zili ngati nkhuku za a hedi, kungoti izi sizinazolowere munthu, ndiye chitsa cha lero chikhale chenicheni. Maso okha ndiwo aloledwa kukwera m'mwamba, khosi ayi.

"Chitsa."

Kunangoti zii. Poyamba ndinkamva mtima wanga wokha. Kenaka nkhalango inayamba kutiiwala. Timbalame tinabwerera, kagologolo kanatsika mpaka pafupi ndi phazi la mtsikana wina, iye osaphethira. Nthawi inapita yambiri, mwendo wanga unachita dzanzi, ndipo ndinayamba kuwerengera m'mutu za basi yopita ku Zomba. Ndipamene a Mwale anakonza kukhosi kuti alankhule. Esinati, amene anali pambali pawo, anatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kugwira bondo la agogo ake, osawayang'ana n'komwe. Mwana wa ku Dowa kuletsa agogo ake kulankhula. Ndinadikira kuti kugwe chinthu. A Mwale anatseka pakamwa.

Nkhuyu imodzi inagwa, ina n'kutsatira. Nthambi ya pamwamba inawerama ngati yagwidwa ndi mphepo, koma mphepo kunalibe. Kenaka ndinaona mchira wautali ukulendewera pakati pa masamba, ndipo pamwamba pake panali nkhope yakuda ya nsidze zotuwa, ikutiyang'ana. Inapenda mutu uku ndi uku. Inatsokomola kamodzi, ife osagwedezeka. Itakhutira kuti pansipa pali zitsa zokhazokha, inatembenuka n'kuthyola nkhuyu.

Zinabwera zambiri, ina pambuyo pa inzake, mpaka mkuyu wonse unali kugwedera. Yaikulu inakhala payokha pa nthambi yoonekera, ikudya pang'ono n'kumayang'ana kutali, ndipo nthawi zina inkatulutsa mawu okuya ochokera m'mimba, omveka ngati wagogoda mtondo wopanda kanthu. Ina inali ndi kamwana kokakamira kumimba. Ziwiri zinakhala moyandikana, ina ikupatula ubweya wa inzake ndi zala n'kumatola timene yapezamo. Tiana tiwiri tinkathamangitsana mpaka kamodzi kanaphonya nthambi n'kudzigwira ndi dzanja limodzi pamwamba penipeni pa mutu wa a Mwale. Zikhutu za nkhuyu zinkagwera pa jekete ya Lamulungu ija. Ndinayang'ana ana anga ndi ngodya ya diso. Maso onse anali m'mwamba, pakamwa pali yasa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasuntha chala. Misozi inandilengeza, ndipo sindinathe kuipukuta chifukwa inenso ndinali chitsa.

Zinachoka zokha zitakhuta, yaikulu ija pambuyo. Nditati "Mwamasuka," ana anagwa pansi ndi kuseka, ena akudumpha kuti magazi abwerere m'miyendo. A Mwale anavula nsapato mofulumira n'kuyamba kukutumula sokosi. Nyerere zoluma zinali zitawapeza kalekale, akakolo ali otupatupa.

"Bwanji simunasunthe, bambo?" ndinafunsa.

"Ana onsewa ali duu, woyamba kugwedezeka ndikhale ine?"

Tinachita phunziro lathu pomwepo, aliyense kunena chimodzi chimene waona. Wina anati nchima imaluma nkhuyu kamodzi n'kutaya. Wina anati ya kamwana sinafike kunsonga kwa nthambi ngati zinzake. Wina anaona kuti yaikulu ikalira, zonse zimasiya kutafuna kwa kanthawi. Mlonda, amene anali atabwerera n'kuima patali, anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Kenaka a Mwale nawo anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Yaikulu ija ndi bambo wa banja. Imadera nkhawa ana ake."

"Agogo," anatero Esinati mwaulemu wake wonse, "zimenezo ndi zoganiza. Nenani zimene mwaona."

Ana anagwira pakamwa. A Mwale anayang'ananso nthambi ija.

"Chabwino. Inakhala payokha. Inadya pang'ono. Inachoka pomaliza."

Ana anawaombera m'manja monga tinkachitira m'kalasi wina akakhoza, ndipo ndinaona ndevu zawo zikugwedera.

Pobwerera tinakhala pamwamba pa matabwa, ndipo kutsika phiri lole sinavute. Ana anayeserera kulira kwa nchima kuyambira pa boma mpaka pa kamlatho kaja, a Mwale osawaletsa. Koma kwa ine sananene kanthu njira yonse, ndipo pamene tinkayandikira kwathu mantha anandibwerera. Kukondwa ndi nchima ndi nkhani ina, kuima pamaso pa akulu anzako ndi nkhani inanso.

Tinafika dzuwa likulowa. Pabwalo la tchalitchi panali a hedi, akulu a mpingo atakhala pa benchi, ndi makolo ambiri amene ankanamizira kuti angobwera kudzatenga ana. Sanadikire Lamulungu. A Mwale atangoponda pansi, mkulu wina, amene anayambitsa zoti ndichoke, anafunsa mokweza.

"Nanga a Mwale, ana aona zilombo?"

A Mwale anakutumula jekete, kachikhutu ka nkhuyu kanagwa.

"Ndinena zimene ndaona, osati zimene ndikuganiza," anatero, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva ana akutsinana. "Pa dambo tinakumana ndi gule. Ndinamuona ine, anamuona dalaivala. Kwa ana ndinaona misana ndi makosi, chifukwa mayiwa ananena mawu amodzi, onse n'kuzolika mpaka atadutsa. Ku phiri ndaona nchima zikudya nkhuyu pamwamba pa mutu wanga, ine ndakalamba muno osadziwa kuti zimatolana nsabwe. Ndaonanso ana a m'mudzi muno, omwewa timawalondera ndi ndodo m'tchalitchi, atakhala osagwedezeka mpaka nyama yakutchire kuwayesa mitengo. Ndodo panalibe. Zimene ndaona ndi zimenezo."

"Nanga inu mukuganiza bwanji?"

"Poti tsopano mwafunsa zoganiza, ndikuganiza kuti amene akufuna mayiwa achoke ayambe watiuza amene adzaphunzitse ana athu zimenezi."

Mayi wina kumbuyo anayambitsa nthungululu, anzake n'kulandira, ndipo a hedi anandigwira chanza mwamphamvu ngati iwo sanakayikepo. Ndinasangalala, ndipo sindinabise. Ndinayang'ana mkulu wofunsa uja m'maso mpaka iye ndiye anayang'ana kumbali.

Anthu akubalalika, a Mwale anandiyandikira akutsimphina pang'ono chifukwa cha nyerere zija.

"Chaka chamawa mundisungire malo, mayi. Koma powauza ana muzinena kuti nchima."

"Buku limati zilombo, bambo."

"Buku silikhala ku Dowa."

Pa ulendo umenewu ndinapita kukaphunzitsa ana kuona nyama, koma amene anandipulumutsa ndi munthu wamkulu amene anavomera kukhala pansi n'kuona asanaweruze. Ndinaphunzitsa pa sukulu ija zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika tinkakwera phiri kukaona nchima. Madzulo a tsiku limenelo, ndisanasambe n'komwe fumbi la ku Ntchisi, ndinadula chingwe cha katoni ija n'kubwezera mabuku anga pa shelefu.